Tsiku Limene Mipopi ya Msewu Wathu Inatulutsa Buluu

Ine ndi amene ndinaphunzitsa mwana wa mlongo wanga ntchito ya mipopi. Ndinam'gwiritsa sipanala asanamere mano, ndipo pomwe ankayamba kukwawa anali atamasula kale mpopi wa kubafa. Chabwino, limenelo ndi bodza. Sipanala yanga ine ndi mwala. Koma zina zonse zimene ndikuuzeni za mwanayu, Namipopi, ndi zoona, kupatulapo zochepa.

Mwanayu anabadwa wodana ndi chilichonse chobwerera m'mbuyo. Ali khanda sanasanzepo mkaka ngakhale dontho. Akaiwala chakudya cha kusukulu sankatembenuka ayi, ankazungulira tauni yonse kuti akafike pakhomo akuyang'anabe kutsogolo. Mnyamata wina anamusiya, kenako n'kubweranso ndi maluwa. Anam'yankha kuti pano njira ndi imodzi, wotuluka watuluka.

Choncho atalembedwa ntchito kukampani ya madzi, palibe anadabwa kumva kuti am'patsa mavalavu. Valavu yake ndi kachitseko ka m'kati mwa paipi, kokhala ndi sipuling'i ndi kalabala kozungulira. Madzi akamachoka m'paipi yaikulu ya mumsewu kulowa kwanu, kamatseguka. Akafuna kubwerera, kamatseka kuti gwa. Pajatu paipi yaikulu ikaphulika imayamba kuyamwa ngati mwana wanjala, ndipo chilichonse chimene mwaviikamo paipi yanu chimakatulukira kwa aneba.

Amayenda ndi chikwama cha mageji oyezera mphamvu ya madzi ndi kachitsulo kakatali. Nsonga amaika pa valavu, kwinako pakhutu, n'kutsinzina. Amati yabwino imakhala phee, yakutha imalira ngati udzudzu. Ine ndinamuonapo ndi maso angawa akudzudzula valavu ya kuchipatala iye ali kumsika.

Ndiye tsiku lina paipi yaikulu inaphulika kumunsi kwa msewu wathu. Ataikonza, mipopi yonse inayamba kutulutsa madzi a buluu. Atelala anamwa tiyi, lilime n'kusanduka inki. Aphunzitsi anasambitsa galu wawo woyera, kenako n'kumuthamangitsa ndi miyala kuti si wawo. Abwana a Namipopi anatseka madzi msewu wonse n'kumuitana.

"Msewu umenewu unauyendera wekha, n'kunena kuti zonse zili bwino. Ukapanda kupeza kumene utotowu wachokera, yunifolomu uyisiye pa tebulo panga."

Mwana wa mlongo wanga anayamba kumtunda, nyumba ndi nyumba, azimayi a ndowa zopanda kanthu ali pambuyo pake ngati akuperekeza maliro. Anamasula valavu ya atelala, yabwinobwino. Ya kusaluni, kumene aliyense ankaloza chala, yabwinobwino. Ya ochapa magalimoto anachita kuyiyeza kawiri chifukwa nkhope zawo zinkaoneka zolakwa, koma nayonso inalibe mlandu. Dzuwa likupendeka, inatsala nyumba imodzi.

"Odi, amalume."

"Lowa, mphwanga. Watopa. Khala pansi, kwathu kuno kulibe choyeza."

"Ndingoona valavu basi."

"Iwe, ungayeze amalume ako? Amene ndinakunyamula uli ngati mbewa?"

"Sindikuyeza inu. Ndikuyeza valavu."

Anadutsa kuseri. Kumeneko kunali mgolo, ndipo pachingwe panali jekete yanga ya ukwati, imene mwadzidzidzi inali itabwerera unyamata, buluu wake wothobwa m'maso. Paipi ya labala yochokera kumpopi inali italowetsa mutu mumgolomo.

"Mumgolomu munali chiyani?"

"Madzi amvula."

"Mvula ya buluu?"

"Mitambo ya masiku ano imasuluka, mwanawe."

Azimayi aja anali atadzaza pampanda, mitu yokhayokha. Amayi ogulitsa makala anati, "Bambo inu, mano a mwana wanga mwawaona?" Ndinawauza kuti buluu amam'khala mwanayo.

Namipopi anagwada pa mita, n'kuika kachitsulo kake pakhutu. Sanatsinzine n'komwe.

"Amalume, valavuyi munaigwirapo?"

"Ine? Sindidziwa ngakhale pamene imakhala. Chiyikireni iwe, palibe dzanja lafikapo."

Anaimasula pang'onopang'ono, akuyala tizitsulo pakansalu. Sipuling'i inalimo, ngakhale inali yopindika ngati yapondedwa ndi lole. Koma pamalo pa kalabala kakuda anatulutsapo chinthu chofiira, chodulidwa mokhotakhota, chokhala ndi timizeremizere kunsi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mmene akuzipangira kufakitale masiku ano. Ukapite ukadandaule kumeneko. Ine ndikuperekeza."

"Kalabala kanga kali kuti?"

"Mwina kanasungunuka. Kankalira usana wonse ngati mwana wamasiye. Ndikungomva kwa anthu."

"Kwa anthu ati, poti simudziwa pamene imakhala?"

Ndinayamba kufotokoza kuti phokoso limayenda pansi pa nthaka, ndipo munthu wa makutu ngati anga amamva ngakhale nyerere zikukangana. Iye sankandiyang'ana kumaso. Maso ake anali pansi, pamene ndinaima.

"Takwezani phazi lakumanzere, amalume."

"Bondo likuvuta."

"Ndikuthandizani."

Anandigwira mwaulemu wonse, n'kundivula patapata wanga wofiira, n'kumukweza kuti a pampanda aone. Pachidendene panali chibowo choti n'kuonerapo dzuwa. Anatenga chinthu chofiira chija n'kuchiika pachibowopo. Chinalowa kuti kwatsu, timizere n'kulumikizana.

"Amalume," anatero akutulutsa foni kuti aimbire abwana ake, "fakitale yake imavala saizi yanu."