Katepi Kakuda pa Njinga ya Aphunzitsi

Ndimakonza njinga zamoto pa Chulu, pansi pa kashedi ka malata anayi. Zambiri ndi za akabaza, zomwe ndimazidziwa mpaka kabawuti komaliza. Koma imene anabwera nayo aphunzitsi anga akale a Sitandade 8 inali ina: yaikulu, yolemera, yokalamba. Anaigula kwa manijala wa esiteti ina iwo atapuma ntchito yauphunzitsi n'kuyamba kulima fodya.

"Mwana wanga, kagetsi aka kakukana kuzima," anatero akuloza kagetsi kachikasu pambali pa mita ya liwiro. "Kale kankazima ndikangoyenda pang'ono. Akuti ndi ka mabuleki oletsa tayala kuuma n'kuterereka ukamanga mwamphamvu."

Panalembedwa zilembo zitatu, ABS. Mabuleki otere ndinali ndisanawagwirepo. Koma pashedipo panali akabaza awiri akudikira, maso ali pa ine.

"Zazing'ono izi, aphunzitsi. Mubwere mawa."

Kuyesa ndinayesa ndithu. Fyuzi inali yabwino, batire lamphamvu. Ndinasintha mafuta a mabuleki, ndinalondola mawaya mpaka pamene analowa m'kabokosi kena pansi pa thanki, ndipo ndinaopa kukatsegula. Kagetsi kanali nga! kuyakabe. Komatu ndikamanga mabuleki njinga inkaima bwinobwino, choncho ndinadziuza kuti wabodza ndi kagetsiko. Ndinamasula galasi la mita, n'kumata katepi kakuda m'kati, pamwamba pake penipeni.

M'mawa mwake aphunzitsi anandigwira chanza ndi manja awiri, nanyamuka.

Panapita masabata atatu. Akupita ku Boma atakweza akazi awo kumbuyo, mbuzi inadumphira mumsewu pamalo amchenga. Iwo anamanga mabuleki mwamphamvu monga anazolowera, pokhulupirira kuti njinga iwagwirira. Tayala lakutsogolo linauma, onse awiri anagwa. Aphunzitsi anasupuka bondo ndi tsaya. Amayi anathyoka mkono.

Atachirako anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa makaniko wina wa ku Boma, mayi amene anaphunzira ntchitoyi kusukulu. "Iwe ndiye ukudziwa zimene unakonza," anatero. Tinakweza njinga pa lole n'kunyamuka.

Mayiyo sanachedwe. Anagwada pa tayala lakutsogolo n'kutionetsa kachitsulo konga chala, kamene kamawerenga kuzungulira kwa tayala. Kanali katakutidwa ndi dothi louma, ndipo waya wake anali atakhulika mpaka kuduka. Ndinali nditadutsapo ndi dzanja langa osadziwa ntchito yake. Analumikiza wayayo, napukuta kachitsulo ndi mswachi wakale, kenako anatembenuza kiyi.

"Kagetsi kamayenera kuyaka kaye ukangoyatsa," anatero. "Nanga kali kuti?"

Anamasula galasi. Anatulutsa katepi kaja pansonga ya sikuludiraiva n'kukakweza m'mwamba.

"Anamata ichi ndani, bambo?"

Aphunzitsi sanandiyang'ane n'komwe, ankayang'ana nsapato zawo. Ndikanatha kunamizira manijala wa esiteti uja, ndipo ganizolo linandifikira ndithu. Koma mawu anatuluka okha, aang'ono ngati a mwana.

"Ndine."

Mayiyo anangopukusa mutu napitiriza ntchito yake. Kenako aphunzitsi anati, "Ukanangondiuza kuti sukudziwa, ndikanayenda pang'onopang'ono. Kwa ine zatha. Koma amayi ako amene anathyoka mkono aja ukawauze wekha."

Ndinapita Loweruka lotsatira. Ndinawapeza pachigafa, mkono uli m'chikhakhapa, akusankha fodya ndi dzanja limodzi. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za tepi ndi za mantha anga pamaso pa akabaza. Anamvetsera osasiya kutembenuza masamba.

"Ndamva," anatero. "Khalani apo. Ofiira uku, akuda uko."

Anandilankhula mwaulemu ngati mlendo, amayi amene kale ankanditchula kuti iwe. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa. Ndinasankha fodya tsiku lonselo, ndiponso Loweruka lililonse mpaka mabelo onse atadindidwa. Mkono unapola, koma sutambasuka bwino, ndipo mtsuko amawasenzetsa ena. Tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni, ine ndimayankha maso ali pansi.