Nsapato zazitali za a Chidendene

Anthu ena akamakulonjerani amakuyang'anani kumaso, koma a Chidendene amayambira kumapazi. Mukawapeza pakhonde la sitolo ya utoto pomwe amasokera nsapato, moni wanu usanathe n'komwe iwo aona kale kuti chidendene chakumanzere chadyeka mbali imodzi, ndipo akuuzani mosabisa kuti mumayenda ngati bakha. Dzinalo linachokera pamenepo. Ndi bambo aafupi, aafupi ndithu, oti akakhala pa benchi ya pachipatala mapazi amangosewera m'mwamba. Akazi awo ndiye Mulungu anawapatsa zonse zimene anamana amunawo: msinkhu, thupi ndi mawu omveka mpaka kuseri kwa mpanda.

M'nyumbamo munalinso wachitatu, kasikuta, kanjinga kamoto kobiriwira kopanda magiya osintha, kamene kankagona pabalaza, pakati pa mpando ndi kabati ya mbale. Loweruka lililonse m'mawa a Chidendene ankakatulutsa panja n'kukaimika pamalo osapendekeka. Ankasolola koyezera oyilo, kupukuta, kubwezera, kusololanso, n'kukayang'ana padzuwa ngati dokotala. Oyilo akada ankamukhetsa injini ikadali yofunda, ati wofunda amatuluka ndi zinyalala zake zonse. Mpweya wa m'matayala ankauyeza asanayende. Pulagi ankaitsuka ndi mswachi wakale, sefa ya mpweya ankaikuntha fumbi pakhoma. Chishalo chikang'ambika ankasoka okha ndi ulusi wa nsapato, mpaka chinayamba kufanana ndi jombo ya msilikali.

"Ine bondo langa lawawa chaka chathunthu, simunalipakepo ngakhale mafuta," akazi awo ankatero ali pakhomo. "Ndikanabadwa ndi matayala bwenzi ndili pabwino."

"Inu amayi mumanena nokha pomwe pakuwawa. Aka sikayankhula."

"Kakanamayankhula bwenzi mutakasiya kalekale."

Kasikutako kanali ndi tchimo limodzi lokha: chitunda. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutsidya, kuseri kwa chitunda chachitali chimene basi imathera m'munsi mwake. Ndi munthu mmodzi kankakwera, ngakhale monyinyirika. Ndi awiri kankafika pakatikati, kulira ngati udzudzu wa m'khutu, kenako zii. Amayi ankatsika n'kumakwera wapansi, bondo likuwawa, bambo akuwadikira pamwamba mumthunzi, atavula chisoti, akudzikupiza nacho. Poti ulendowo unali wa apo ndi apo, nkhani inkathera pa kunyogodola basi.

Ndiye kunabadwa mdzukulu, kamnyamata. Tsiku loyamba kukanyamula, agogo aakazi anati, "Eee, amuna anga enieni afika. Awa ndiye adzatalika." Onse anaseka, a Chidendene nawo anaseka, koma pang'ono.

Patapita miyezi, ali pa chakudya chamadzulo, amayi anaika supuni pansi.

"Bambo, mwana akubwerera kuntchito mwezi wamawa. Khanda alisiyira ndani? Ine chitunda chija tsiku ndi tsiku sindingathe. Apongozi agula kale bedi. Ndikukakhala konko."

"Kukakhala? Mpaka liti?"

"Mpaka ayambe sukulu."

"Khanda lomwe lija? Losadziwa n'kukhala pansi komwe?"

"Lomwelo. Inu mutsala ndi akazi anu a pabalazawa. Azikuphikirani."

A Chidendene anaseka, koma anakankhira mbale pambali. Chikwatirane sanagonepo m'nyumbamo okha. Munthu amene amawanyoza m'mawa uliwonse kuti avala malaya mopotoza, akachoka adzawanyoza ndani? Izi sanazinene, mwamuna wamkulu sanena zotere. Anangoti, "Ndigula njinga yamoto yeniyeni. M'mawa ndizikakutulani, madzulo ndizikakutengani."

"Inu? Giya munaisinthapo chibadwire?"

"Giya amaphunzira ndi ana omwe."

Kutacha anapita kwa mnzawo wakalekale, amakaniko, amene amakonza njinga zamoto kuseri kwa msika, ndipo awiriwo anatengana mpaka ku shopu yogulitsa njinga. Mkatimo njinga zinali ndandanda, zikununkha labala watsopano. Maso a a Chidendene anagwera pa ina yofiira, yaitali ngati hatchi, thanki yake yonyezimira moti munthu n'kumeterapo ndevu. Anakwera mothandizidwa. Atakhala, mapazi onse awiri anali lendelende, ndipo wogulitsa anagwira njingayo kumbuyo mwakachetechete, ngati akungoipukuta.

"Madala, bwanji muyeseko iyi yakudayi," anatero wogulitsayo. "Chishalo chake n'chapansi."

"Mwana wanga, ndayenda pa tinthu tating'ono moyo wanga wonse. Chitunda chija chimafuna njinga yooneka."

"Aise," anatero amakaniko, "njinga yoyamba uzitha kuponda pansi ndi mapazi onse awiri. Ukaima pa roboti uzidikira kuti munthu abwere ndi makwerero?"

"Vuto ndi mapazi basi?"

"Eya."

"Ndiye mwalankhula ndi mwini ntchito."

Mlungu wonsewo nsapato za makasitomala zinagona m'thumba. A Chidendene anatenga jombo zawo zakale n'kuyamba kuzimangira nsanja. Anadula labala wa tayala, kumata, kukhomera, kuikanso wina pamwamba, kusoka m'mbali, kupala ndi tupa, kupaka polishi. Ntchito inali yaukhondo, zoona zinenedwe. Atazivala n'kuimirira anaona pamwamba pa kabati koyamba chikhalire m'nyumbamo, ndipo anapezapo lumo lawo limene linasowa kalekale. Anayenda kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini ngati dokowe, akugwira makoma.

Akazi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi.

"Odi, bambo, mukufuna ndani? Eni nyumba atuluka."

"Sekani. Muona Lamlungu."

Amakaniko anali ndi njinga yawo yaitali mofanana ndi yofiira ija, ndipo anavomera kubwera nayo pa bwalo la mpira kuti mnzawo ayesere asanagule. Amayi nawo anabwera ndi kampando kawo, ati zoterezi munthu sachita kuuzidwa.

Poyamba zinayenda bwino. A Chidendene anakwera, jombo zinagunda pansi zonse ziwiri, iwo n'kutembenuka kuyang'ana akazi awo kuti aone. Amakaniko anafotokoza: dzanja lamanzere ndi kilatchi, phazi lamanzere ndi giya, mabuleki onse ali kumanja, lina kudzanja lina kuphazi.

"Wamva? Iwala za sikuta."

"Ndamva, ndamva. Ndine mwana?"

Injini inazima kangapo, kenaka njinga inanyamuka modumpha ngati mbuzi yomasulidwa. Giya yoyamba amachita kuponda, ndiye inalowa. Yachiwiri amachita kulowetsa chala pansi pa kachitsulo n'kukweza, ndipo apa ndi pomwe jombo inakana. Nsanja ya labala ija sinkalowa m'kampatako. Anayesa cham'mbali, anayesa ndi chidendene, injini ikukuwa, maso onse ali kuphazi. Pomwe ankadzutsa mutu, golo ili pafupi. Phazi lamanja linafufuza buleki koma kudzera m'labala yenseyo silinamve kanthu. Ndiye dzanja linachita zimene lachita zaka zonse pa sikuta, pomwe chakumanzere ndi buleki: linafinya chakumanzere ndi mphamvu zonse. Njinga inamasuka n'kumangoyenda yokha, mosatekeseka, mpaka muukonde.

"Chigoli!" anakuwa amakaniko, akuthamanga.

Njinga inagona cham'mbali pa udzu. A Chidendene anali chagada, atakodwa muukonde ngati nsomba, jombo imodzi ili m'mwamba. Sanavulale paliponse. Amayi atatsimikiza zimenezo anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili chuchuchu, akumenya udzu ndi dzanja.

Koma ataona kuti amunawo sakuseka nawo, anasiya. Anawamasula jombo ija okha n'kuiika pambali.

"Bambo, mumafuna kufera chiyani? Yaifupi ija yalakwa chiyani?"

A Chidendene anayang'ana kumbali.

"Nanga ndikagula yaing'ono, ikakanikenso pakati pa chitunda? Inu mutsike, muyende wapansi, mawa lake mukagone pa bedi la apongozi?"

Amayi anagwada pambali pawo. Kenaka anawachotsa udzu m'tsitsi.

"Ndiye nsanja zonsezi n'chifukwa cha ine?"

"Ndanena choncho ine?"

Amakaniko, amene ankaongola galasi la njinga yawo, analowererapo. "Aise, ukanandifunsa. Kutalika kwa chishalo si mphamvu. Yakuda ija injini yake n'chimodzimodzi ndi yofiirayo. Ingakweze iwe, alamu ndi kabati yomwe."

"Alamu, mwandiyerekeza ndi kabati?"

"Ayi alamu, ndati kuwonjezerapo."

Lolemba amayi anavala bwino n'kunena kuti ku shopu apita nawo, poti chokhalira chimene chikufunidwa n'chawo. Amakaniko nawo anawaperekeza. Wogulitsa uja anawalandira ndi mipando, koma amayi anati sanabwerere mipando. Anakwera njinga iliyonse kumbuyo kwa amuna awo, amunawo atavala nsapato zawo za masiku onse. Pa ina anati chishalo n'chopyapyala ngati mpeni. Pa ina popondera panali pamwamba, bondo linapindika mpaka anakuwa. Ina inalibe pogwira kumbuyo. Yofiira ija sanaikwere n'komwe, anangoisisita pathanki n'kunena kuti, "Wakongola mwanawe, ukapeze mnyamata."

Atafika pa yakuda, yosanyezimira paliponse, a Chidendene anakhala n'kuponda pansi phazi lonse, uku ndi uku. Manja anafika pa zogwirira popanda kuwerama. Amayi anakwera, njinga inatsika pang'ono, koma sinagwedezeke.

"Tapendekerani kumanzere," anatero amakaniko. "Bwezani. Kumanja. Yabwerera? Tsopano ikankhire m'mbuyo ndi mapazi. Waona? Imeneyo ukuilamula ndiwe."

Amayi sanatsike. Anati bondo silinena zoona msanga, liyenera kupatsidwa nthawi. Anakhala pomwepo, awiriwiri, pa njinga yosalira, pakati pa shopu, akuyang'ana khoma. Makasitomala ena ankalowa, kuwayang'ana, kutuluka. Wogulitsa anafunsa ngati angawabweretsere madzi.

"Tafika pati, bambo?" anafunsa amayi.

"Tikudutsa pa msika."

"Chepetsani, pali anthu."

Patapita nthawi anatsika, kuongola mwendo, kuupinda, kuyenda mpaka pakhomo n'kubwerera.

"Iyi," anatero.

Kuphunzira kunatenga masabata. Dzanja lamanzere linali louma mutu kuposa mwini wake, moti amakaniko anamanga kansalu kofiira pa kilatchi kuti likumbukire. Layisensi anaipeza. Loweruka ntchito inachuluka, poti tsopano panabwera tcheni, chofuna kutsukidwa, kudonthezedwa mafuta ndi kuyezedwa ndi chala kuti chisalende kapena kukungika kwambiri. Kasikuta sanakagulitse. Kanasunthira kukhonde, ndipo amakalizabe m'mawa kuti batire isafe, akukapepesa chapansipansi.

Tsiku loti mwana abwerere kuntchito linafika. Ananyamuka dzuwa likutuluka, zisoti kumutu. Atafika m'munsi mwa chitunda a Chidendene anagwira zogwirira mwamphamvu. Anatsitsa giya monga anaphunzitsidwira. Anadutsa pa sitolo ya simenti, anadutsa pa mpope. Pa mtengo pomwe amayi ankatsikira nthawi zonse, anamva dzanja likuwafinya m'nthiti.

"Musaime, bambo!"

"Ndani akuima?"

Njinga inangoguguda n'kupitirira, ngati sinauzidwe kuti pali chitunda. Amayi anaimba nthungululu mkati mwa chisoti, ndipo mayi wina amene ankasesa pakhomo pake anagwetsa tsache.

Madzulo a Chidendene anatseka ntchito msanga, kasitomala wina akudandaula ndi nsapato imodzi m'manja. Atafika kutsidya anapeza mwana wawo wabwera kale kuntchito, ndipo mkamwini anawatengera kuchipinda kukawaonetsa bedi latsopano lija, lofundikidwa bulangete lamaluwa, katani watsopano pazenera.

"Ababa, amayi atopa," anatero mwanayo. "Bwanji angogona kuno? Mawa musavutikenso ndi ulendo."

"Zoona apongozi," anawonjezera mkamwini, "malo alipo."

A Chidendene anaima pakhomo la chipindacho, zisoti ziwiri m'manja, akuyang'ana nsapato za mkamwini ngati zili ndi vuto. Amayi analowa ndi khanda paphewa. Anakhala pa bedi, kulidina ndi dzanja, kudumphadumpha pang'ono.

"Labwino," anatero. "Lofewa kuposa lathu."

Kenaka ananyamula khandalo m'mwamba n'kuliyang'ana m'maso.

"Amuna anga, tsalani bwino. Ine ndikuthawa ndi kamdala aka. Ndi kakafupi, koma kali ndi njinga. Inu mukadzagula yanu tidzakambirana."

Anapereka mwana kwa mayi ake, analanda chisoti chimodzi m'manja mwa a Chidendene, n'kutsogola.

"Tiyeni bambo, kusanade. Ndipo potsika chitunda muzikumbukira kuti buleki ili kumanja."

"Mukuuza ine?"

"Ndikuuza dzanjalo."