Phiri la Kuseri kwa Nyumba ya a Tasekani

M'tauni muja ukwati sunkatha popanda bambo wina wojambula zithunzi. Anthu ankangowatchula kuti a Tasekani, poti asanadine kamera ankakuwa mawu amenewo. Situdiyo yawo inali kachipinda koyandikana ndi telala, nsalu yabuluu kukhoma, mpando umodzi wogwedera.

Wailesi italengeza za kadamsana wa dzuwa, a Tasekani anauza msewu wonse kuti, "Musavutike ndi timafoni tanuto. Chithunzi chenicheni mudzachiona kwa ine."

Tsikulo anaimika kamera pabwalo la kunyumba kwawo, galasi lakuda loiteteza ku dzuwa lili kutsogolo kwake. Aneba anadzaza kumpanda. Dzuwa linadyeka pang'onopang'ono mpaka mdima unagwa masanasana. Kamphepo kozizira kanadutsa, nkhuku zinathamangira m'khola. Kumwamba kunatsala chinthu chakuda bii, chozunguliridwa ndi mphete yoyera. A Tasekani anangoti kukamwa yasa, manja lende, misozi ikutsika. Pokumbuka zoti achotse galasi lija n'kudina, kuwala kunali kutabwerera.

"Mwajambula, bambo a ana?" anafunsa akazi awo.

"Eya," anayankha akupinda miyendo ya kamera.

M'mawa mwake anatenga chithunzi cha munthu wina pa intaneti, n'kuchisindikiza chachikulu, n'kuchipachika pakhomo pa situdiyo. Anthu anaunjikana, akuyamikira. Telala anatuluka tepi ili m'khosi, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Achimwene, chakongola zedi. Koma phiri lili m'munsimuli linamera liti kuseri kwa nyumba yanu?"

Onse anafa nacho chiseko. A Tasekani anachitsitsa chithunzicho osayang'ana munthu, n'kutseka situdiyo dzuwa lili pamutu, ndipo anabwerera kunyumba kudzera njira ya kuseri kwa msika.

Anapeza akazi awo akuanula zovala. Anaima pambali pawo n'kuwauza kuti:

"Dzulo sindinajambule kanthu."

"Ndinaona. Si ndinali pambali panu? Mukananena choncho, ndani akanakumenyani?"

Kwa milungu ingapo ankangojambula tizithunzi ta ziphaso, moni akuyankha maso ali pansi. Telala, ataona kuti nthabwala yake yalasa kwambiri, anabwera yekha kudzawapempha kuti akajambule ukwati wa mwana wake wamkazi. A Tasekani anakana kawiri, kenako anapita. Anaima chakumapeto, kufupi ndi khomo, ndipo phwando lisanathe anali atanyamuka.