Ndowa Yobiriwira ya Azakhali

Azakhali akolopa pachipatala china cha mano zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezi sanakhulupirirepo munthu. Aliyense amawaitana Azakhali, ngakhale adokotala amene ali ndi imvi kuposa iwo. Kiyi wa kabati ya sopo amayenda naye m'khosi. Tsache likangosuntha pang'ono pamene analisiya, amafunsa nyumba yonse kuti walikhudza ndani. Ndi mayi abwino, koma kugwira nawo ntchito kumafuna mtima wautali.

M'chipinda chodikirira munali thanki yagalasi ya nsomba zokongoletsa, yoti ana aziyang'ana n'kuiwala kuti akukazulidwa dzino. Mwezi wina nsombazo zinatuluka timadontho toyera ngati mchere, zinayamba kudzikhula pamiyala, kenako n'kumafa. Azakhali ndi amene ankazivuula ndi kasefa m'mawa uliwonse, mpaka zonse khumi ndi imodzi zinatha psiti.

"Azakhali, galasili mumapukutira chiyani?" anafunsa adokotala, maso ali kumbali.

"Madzi okha, bwana."

"Chabwino. Tigula zina. Koma ndikadziwa amene wapha izi, tisiyana."

Mawu amenewa anawalasa Azakhali, chifukwa anadziwa kuti akunena iwo. Ntchito imeneyi ndi imene inalera ana awo atatu. Koma nawonso anali ndi anthu awo owakayikira. Woyamba anali asekeretale, amene ankathira chakudya m'thanki ngati akuwazira nkhuku. Wachiwiri anali bambo wogulitsa nsomba, ngakhale anali asanamuonepo. Madzi apampopi nawo sankawakhulupirira, poti sopo sankachita thovu, ndipo Lolemba lililonse ankapala m'ketulo zoyera zouma gwa.

Tsiku lokagula nsomba Azakhali anakakamira kupita ndi adokotala. Ananyamula madzi apampopi m'kabotolo ndi zopala za m'ketulo zija atazikulunga papepala, ngati akupita kukhoti ndi umboni.

Sitoloyo inali yopapatiza, matanki mbali zonse, mapampu akung'ung'udza. Adokotala analoza tinsomba tonyezimira ta mizere yabuluu, tofanana ndi timene tinafa. Azakhali anawadutsa n'kutsegula pepala lawo pakauntala.

"Achimwene, musanatigwire m'maso, taonani kaye izi."

Wogulitsayo sanakwiye. Anafikisa zoyerazo ndi zala, n'kudontheza mankhwala m'kabotolo kaja akuwerenga madontho.

"Amayi, madzi anu ali ndi laimu wambiri. Tabuluuti timafuna madzi ofewa. M'madzi ngati awa timafooka, matenda akabwera timayamba ndi ito. Tengani nsomba izi, magupi ndi mamoli, madzi a laimu ndiye kwawo."

Azakhali anaziyang'ana nsombazo ndi diso la kumbali. Zina zinali zakuda bii, zina zamichira yamawangamawanga. "Si zimene zakukanikani kugulitsa izi?"

"Ndikanafuna kukuberani ndikanakupatsani tabuluuto, mukanabweranso mwezi wamawa," anatero akuseka. Kenako anatembenukira kwa adokotala. "Komatu madzi sabala timadontho toyera, bwana. Matenda amenewo amabwera ndi mlendo. Nsomba yofiira ija munatenga mwezi watha, munaisunga payokha milungu iwiri monga ndinakuuzirani?"

"Ndinaisiya m'ndowa yobiriwira kuchipinda chosungira katundu, ndisanapite kumsonkhano. Ndinawauza asekeretale kuti isalowe m'thanki mpaka milungu iwiri ikwane. Pobwera ndinaipeza ili m'thanki." Adokotala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti anafulumira mayi aja."

Ndowa yobiriwirayo inali ya Azakhali, yokolopera. M'mawa wa tsiku limene adokotala ananyamuka, anaipeza ili ndi madzi, kansomba kofiira kakuzungulira kokhakokha m'menemo. Analalata chamumtima kuti anthu apano alibe ulemu ndi zida za anzawo. Kansombako anakamvera chisoni, anakakhuthulira m'thanki kuti kakhale ndi anzake, n'kutsuka ndowa yawo n'kuyamba kukolopa. Sanauze munthu, poti sankaona choti n'kuuza munthu.

Tsopano mlandu unali utachoka pamutu pawo wokha, n'kukatera pa asekeretale, mayi amene Azakhali sankamwa nawo ngakhale tiyi. Chofunika chinali kungotseka pakamwa basi. Anapinda pepala lawo la umboni lija kawiri, katatu, mpaka linakana kupindika.

"Bwana, asiyeni asekeretale. Ndowa ija ndi yanga. Ndinaithira ndine, tsiku lomwelo."

Wogulitsa uja anapeza chochita mwadzidzidzi: anayamba kuwola magupi ndi mamoli, kuwathira m'thumba la pulasitiki, kulimanga ndi labala. Azakhali anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuuika pakauntala kuti asachite kuuzidwa.

Adokotala ananyamula thumba la nsomba lija n'kuwapatsa m'manja.

"Thanki sitinaitsuke, ndiye izi zikhala m'ndowa yanu milungu iwiri. Muzizilondera ndinu, palibe wina angakwanitse. Nanga mukolopera chiyani?"

"Ndipeza, bwana," anatero Azakhali.

Anatola kiyi wawo. Njira yonse yobwerera anafungatira thumbalo pamiyendo, ndipo galimoto ikagunda bampu ankawayang'ana adokotala ngati achita dala.