Dambo limene sindinalembe

Pali dambo limodzi limene mulibe m'buku la abwana anga, ndipo ndinalisiya dala ndine. Sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga.

Nditatenga satifiketi ya zankhalango, ndinapeza ntchito yothandiza mayi wina wa ku yunivesite amene amafufuza za chinaka, timaluwa ta m'madambo tokhala ndi timbatata pansi, timene anthu amakumba n'kuphika ndi nsinjiro. Ine ndinkayenda m'midzi ya kumtunda kwa Iponga kuchonderera anthu kuti asamakumbe momaliziratu. Malo alionse amene chinaka chikumera ndinkayenera kuwalemba, ndi manambala ake a pa kamakina kolozera malo. Abwanawo anati ndikagwira mokhulupirika adzandilembera kalata yokapitiriza sukulu.

Tsiku lina msonkhano utatha, mayi wina wokumba chinaka anandikoka chitenje.

"Inu asukulu, mukuti chikutha? Berekani kamwanako, tiyeni."

Tinayenda mpaka mwana anagona kumsana. Kuseri kwa phiri, mayo ine! Maluwa oyera ndi ofiirira dambo lonse, ofika m'mawondo. Ndinatulutsa kamakina kaja, iwo n'kundigwira dzanja.

"Ako kabwezeni m'chikwama. Pepala limayenda, mama. Mukalemba, abwera okumba amatumba a kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, pano pakhala ngati pafukula nkhumba."

Anandifotokozera kuti mabanja a pamenepo amadikira maluwa aume kaye, njere zimwazike. Akatero amakumba mbali imodzi yokha, inayo n'kuipumitsa zaka ziwiri. Ndinawalonjeza kuti dambolo sindililemba.

Abwana atandiimbira kufunsa zimene ndapeza, ndinati, "Palibe, madamu, mwana anavuta." Ndinanamizira mwana wanga amene anangogona phee kumsana. Mpaka lero zimandiwawa.

Njira yopumitsa damboyo ndinayamba kuiphunzitsa m'midzi ina, ndipo anthu amaimva msanga kuposa zija ndinkawauza zakuti lekani. Kwina ayamba kale kuitsata. Abwana anaikonda kwambiri, akuti ailemba m'kafukufuku wawo. Atafunsa kumene ndinaitenga, ndinangoti kwa amayi akumudzi. Mvula yapitayi ndinapitanso kudambo kuja, ndinapeza maluwa afika mpaka m'mphepete mwa njira.

Kalata ija anandilembera, ndipo pali mawu akuti sindibisa kanthu pa ntchito. Ndikawerenga pamenepo ndimaipinda msanga. Sukulu ndikuyamba posachedwa, koma lonjezo langa kwa mayi okumba chinaka aja sindikufuna kuliphwanya. Inu amene mwawerenga izi, tandiuzani, kodi ndinachita bwino?