Tsiku Limene Noelene Anakhala Pampando

Noelene Tregear anagwira ntchito yake yonse ali chiimire. Kupaki yamasewera ya m'tauni yathu, kugombe la nyanja yamchere m'chigawo cha Victoria, kunali kasitima kothamanga panjanji yamatabwa yokwera ndi kutsetsereka. Tinkakatcha Chimphepo. Pakati pa ngolo zake ziwiri pankaima munthu wogwira chitsulo cha buleki, wopanda lamba, wopanda mpando. Munthuyo anali Noelene.

Anayamba ali mtsikana, bambo ake, amene ankagwira ntchitoyo, atadwala msana. Okwera akamakuwa, iye ankangoima njii, tsitsi lili petupetu, n'kumawanyogodola.

"Iwe Desmond, tsegula maso!" ankatero kwa wogulitsa nyama wa m'tauni mwathu. "Wabwera kudzaona zikope zako?"

Matabwa atayamba kuwola ndi mphepo yamchere, eni paki anaganiza zopumitsa Chimphepo. Tsiku lomaliza tauni yonse inakhamukirako, ngakhale nkhalamba zimene zinafunsirana m'ngolomo. Kerryn, mwana wa Noelene amene ankalandirana naye ntchitoyo, anafika msanga n'kugwira chitsulo.

"Amayi, lero mukhala pampando. Wakutsogolo."

"Ine? Mipando ndi ya alendo."

"Kapena mukuopa?"

Anthu anayamba kuwomba m'manja. Noelene anawayang'ana ndi diso loipa, koma anakhala.

Kasitima kanakwera pang'onopang'ono, kenako kanatsetsereka. Mfuu ya Noelene inamveka mpaka kosungira magalimoto. Dzanja lake linkafufuza buleki m'malere.

"Kerryn, gwira! Gwira, mwana iwe, utipha!"

Anatsika akuseka mpaka misozi.

"Ndakuona," anatero Desmond. "Unatsinzina kuyambira pamwamba!"

"Fumbi linandilowa. Koma anthu inu, zaka zonsezi mumabwera mwakufuna kwanu kudzazunzika chonchi? Mitu yanu siyenda bwino!"

Atatero anabwerera pamzere, n'kukweranso.

Njanjiyo anaiphwasula chilimwe chitatha. Matabwa amene anali akadali olimba anakhomera mabenchi a kusukulu, ndipo ngolo yakutsogolo anaiika pakapinga pafupi ndi laibulale. Akwati amajambulitsapo zithunzi, ana amadyerapo tchipisi. Noelene, amene pano ndi wa imvi mbuu, amapitako Loweruka ndi ndowa kukatsuka zitosi za mbalame. Aliyense wodutsa amamuuza kuti utoto umene anapakawo ndi wolakwika: Chimphepo chinali chofiira ngati tomato, osati ngati njerwa.