Zimbale za Hoke za Ba Chomba

Ba Chomba amakhala khomo loyang'anana ndi lathu, m'nyumba yosanja ya njerwa zofiira kuno ku Hyattsville, ku Amerika. Ndi a ku Zambia, anabadwira ku Katete n'kukulira ku Lusaka. Ntchito yawo ndi yolondera magalimoto mu galaja ya pansi pa nthaka mkati mwa DC. Tsiku lonse amakhala m'kachipinda ka magalasi, kutsegulira anthu geti ndi kupuma utsi. Akazi awo anamwalira ife tisanafike. Ife tinabwera mu 2002 pa giriini khadi ya lotale, chiphaso chotiloleza kukhala kuno, ine, amuna anga a Seleman, ndi mwana wathu Nadia ali kumsana.

Poyamba ndinkawaopa. Ine munthu ndimayamba ndamuonera pa kabowo ka chitseko kwa miyezi ndisanamupatse moni wautali. Kuseri kwa chitseko chawo kunkamveka phokoso la khamu la anthu, kenako lipenga ngati la sitima, kenako mawu a munthu wamkulu akukuwa yekha, "Menya iwe! Menya!" Ndinauza a Seleman kuti bambo uja mutu wake suli bwino. Iwo anakagogoda, n'kubwerako akuseka mpaka misozi.

"Akusewera gemu ya ana pa TV. Hoke!"

Hoke ya kuno si ya pa udzu. Amasewera pa ayisi, atavala nsapato za mipeni kunsi, akulimbirana kanthu kakuda kophwatalala ndi ndodo zokhota. Akakwiyitsana amavula magolovesi n'kutibulana, woyimbira akungoonerera. Akatopa amawakhazika m'kabokosi kwa kanthawi, basi mlandu watha. Gemu yake imabwera pa chimbale, ndipo chaka chilichonse, masamba akayamba kufiira, amatulutsa chatsopano. Ba Chomba amagula tsiku lomwe chatuluka.

A Seleman ankakonda kuwaputa.

"Ankolo, ichi ndi chija cha chaka chatha n'chimodzi. Angosintha nkhope ya mzungu pa chikuto. Akukuberani masana dzuwa likuswa mtengo."

"Iwe Seleman, uyendetse chabe basi yako. Mayina asintha. Uyu anali ku Boston, manje ali ku Toronto."

"Ndiye mzungu akasamuka, inu mulipire?"

"Eya. Munthu afunika kudziwa amene ali kuti."

Mu 2004 osewera enieni anakangana ndi mabwana awo, chaka chonse osaponda pa ayisi. Chimbale chokha chinatuluka monga mwa nthawi zonse. A Seleman anasangalala ngati awina mlandu. "Chaka chino ndiye wasamuka ndani, ankolo? Anthu ali kunyumba akuwotha moto!" Ba Chomba anangoseka pang'ono, chimbale chili m'thumba la jekete.

Chifukwa chake ndinachidziwa tsiku lina nditawapititsira mandasi. Pamwamba pa TV panali chithunzi cha mnyamata wamtali atavala chisoti, ndodo ili m'manja, yekhayo wakuda pakati pa azungu. Ndi Mwelwa, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anabwera naye kuno asanayambe ndi sukulu yomwe. Mnzake wa m'kalasi ndiye anamutengera ku ayisi koyamba, ndipo sanafunenso mpira wina uliwonse. Ba Chomba ankamugulira zovala zake zakaunjika, kumuperekeza Loweruka lililonse, kumakhala pa benchi akunjenjemera ndi kuzizira, osamvetsa n'komwe malamulo ake.

Mwelwa atangokula, tsiku lina masewera atatha, mnyamata wa timu ina anamutukwana za khungu pa malo oimika magalimoto. Ndodo inali m'manja. Nsagwada ya mnzakeyo inathyoka. Pa ayisi akanamukhazika m'kabokosi, koma apa panali panja. Anakaseweza kundende, ndipo tsiku lotuluka anapeza a zolowa ndi kutuluka akumudikira pa geti. Anamukweza ndege ya ku Lusaka, mzinda umene ankangoumva kwa bambo ake. Akukhala kwa azakhali ake ku Chawama.

"Loya ananiuza, amake Nadia," anatero Ba Chomba, maso ali pa chithunzi. "Ati mukanatenga unzika wa Amerika mwana asanakule, naye akanakhala nzika, palibe akanamuchotsa. Manje ine nili na puloti ku Chongwe. Ukatenga wa kuno, wa kwathu akulanda. Ninati nidikire pang'ono."

Ndinabwerera m'nyumba mwathu. Nadia naye sanabadwire kuno, anabadwira ku Balaka. Naye anali pa giriini khadi chabe. Ndipo kwathu nakonso lamulo ndi lomwelo, sungagwire mapasipoti awiri.

Mwelwa atapita, Ba Chomba anamutumizira makina ake a gemu m'sutukesi ya a Gwendoline, namwino wa kutchalitchi kwawo amene amapita ku Lusaka Khirisimasi iliyonse. Ba Chombawo anagula makina ena akale kuti aphunzire. Chimbale chikatuluka amachisewera miyezi ingapo, zala zawo zouma zija zikuphonya mabatani, kenako amachipukuta bwinobwino n'kupatsa a Gwendoline. Lamlungu akachoka kutchalitchi amakala khadi ya foni n'kumuimbira. Mwelwa Chinyanja amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo Ba Chomba za mumtima m'Chingerezi sizituluka. Ndiye amakamba za gemu. Ndinkawamva kudzera pakhoma. "Wawina? Zingati? Ah, iwe ndiwe woipa! Ine goloboyi wa chaka chino anivuta."

Nadia atayamba sukulu anazolowera kupita kwa Ba Chomba masana ngati ali pa ofu, ine ndisanabwere ku Takoma Park kumene ndimasamalira okalamba. Ndinalola pokhapokha chitseko chikhale chotsegula. Sipanatenge nthawi anayamba kuwagonjetsa. Koma chimene ankakonda kwambiri si zigoli. Ankadziwa batani lochititsa osewera kuvula magolovesi, ndipo akayamba kuswana ankadumphadumpha pa sofa. Ba Chomba ankamulanda kachipangizo kosewerera n'kuzimitsa TV.

Mu Januwale wa 2007 ndinakumana ndi a Gwendoline pa sitima ya Green Line, atangobwera kumene kuchokera ku Lusaka. Ndinawafunsa za Mwelwa. Anayang'ana uku ndi uku ngati Ba Chomba angatulukire pansi pa mpando.

"Mwana wanga, makina aja anapsa tsiku loyamba. Anangowaloweka pakhoma, magetsi a kwathu ndi amphamvu kuposa a kuno. Phuu, utsi. Zaka zonsezi anali kunipempha kuti nisakambe."

"Nanga zimbale zija?"

"Ndi kondakitala wa minibasi manje. Azimangirira pa galasi la dalaivala, zizinyezimira. Anzake amuitana ati Amerika. Akaitanira anthu, amuseka Chinyanja chake. Waonda, ndipo mowa wayamba kumulowa. Zigoli zimene auza atate ake angopeka."

Ndinasunga nkhaniyo mpaka sindinathenso kupirira, ndinauza a Seleman. Ndinkaganiza kuti iwafewetsa mtima, chifukwa chaka chimenecho ndi chimene tinali ololedwa kupempha unzika. Iwo anali atanena kale maganizo awo. Akumanga nyumba ku Balaka. Kuno ndi kuntchito, kwathu ndi kwathu.

"Nadia ndi mtsikana," anatero. "Amenya ndani?"

Patapita milungu yochepa anandiimbira foni akusukulu ndili kuntchito. Mnyamata wina anamukoka Nadia mpango m'basi, Nadia anamugwetsa pansi n'kumukhalira, mlomo kung'ambika. Nditafika ndinapeza mwana wanga atakhala pa mpando waukulu, miyendo isakufika pansi, ndipo pakhomo la ofesi paima wapolisi wa pasukulupo. Sanachite kanthu, anangomwetulira n'kunena kuti ana ndi ana. Koma ine ndinaona mfuti m'chiuno mwake ndipo ndinaona minibasi ya ku Chawama. Panjira Nadia anandiyankha m'Chingerezi kuti wayamba ndi uja, ndipo akabwerezanso amuswanso. Ndinamukhulupirira.

Kunyumba tinakangana.

"Bambo a Nadia, mmodzi yekha wa ife akatenga unzika, mwana watetezeka. Ngati inu simukufuna, ndiloleni ine."

"Munira, ukufuna kukayika maliro a mayi ako ngati mlendo? Uzikaima pa mzere wa azungu ku Chileka? Munda wa kwanu ndi wa iwe, mwana wamkazi. Udzaulandira bwanji ndi pasipoti ya eni ake?"

Sanali kunama. Mayi anga anandionetsa malire a munda uja ndi phazi lawo ndili mtsikana. Koma ndinasiya kugona bwino.

Chaka chimenecho Ramadani inagwa mu Sepitembala. Tsiku lina dzuwa litangolowa, tikumasula kusala, Ba Chomba anagogoda. Timawaitana chaka chilichonse ngakhale ndi Akhirisitu, amakonda zipatso za tende ndi samusa. Anakhala pansi n'kutulutsa chimbale chatsopano, pulasitiki isanachotsedwe.

"Nadia, taona. Mnyamata uja wa ku Russia wa timu yathu ya ku DC akuti chaka chino amukonza bwino, athamanga monga mphepo."

A Seleman anali atayendetsa basi tsiku lonse opanda ngakhale madzi, ndipo ine ndinali nditangoyambitsanso nkhani ya unzika ija kukhitchini. Nkhope yawo inali itakwinyika kale.

"Ankolo, mpaka liti? Chaka chilichonse chimodzimodzi."

"Mwelwa ayembekeza."

"Ayembekeza chiyani? Makina anapsa kalekale! Zimbale zanu zikulendewera mu minibasi!"

Ndinamva supuni ya Nadia ikugunda mbale. A Seleman anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka.

Ba Chomba anatembenukira kwa ine. "Ni zoona, amake Nadia?"

"Anandiuza a Gwendoline, ankolo."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku loyamba."

Anatembenuza chimbale chija m'manja, kuyang'ana kumbuyo kwake ngati akuwerenga. "Sondo yatha ananiuza ati wawina chikho. Ninamufunsa wagoletsa ndani, ananiuza na dzina." Anaseka kuseka kopanda mawu. "Kansi naye agwira ntchito. Awerenga tumabuku twa mukati kuti akhale na chokamba na ine."

"Pepani ankolo," anatero a Seleman. "Ndi njala iyi. Koma mwina tsopano mupume, musamatayenso..."

"Nikaleka kutuma, pa foni tizakamba chani? Nimufunse ngati wadya? Aniuze kuti sanadye, ine nili kuno nichite chani?" Anaika chimbale m'thumba la jekete n'kuimirira. Tende ija anali asanaigwire. Atafika pakhomo anacheuka. "Iwe Seleman, zaka zonsezi unifunsa ngati n'chimodzimodzi. Ni chimodzimodzi. Niziba. Osewera amodzimodzi, ayisi imodzimodzi. Sunga pasipoti yako bwino, na nyumba yako ya ku Balaka. Uyu akakula uzadziwa wekha chimene uzamugulira chaka na chaka."

Anatseka chitseko mwaulemu. Madzulo amenewo lipenga la sitima lija silinamveke.

Idi itangodutsa ndinapita ndekha kwa mayi wina wothandiza anthu obwera pa nkhani za unzika. Sindinabise, ndinawauza a Seleman m'mawa ndikuvala mpango. Sanandiletse ndipo sanandiperekeze. Miyezi yotsatira ndinkaloweza mafunso a mbiri ya Amerika m'sitima, Nadia akundifunsa ndi kundiseka katchulidwe. Chaka chatha, mu 2008, ndinakweza dzanja kulumbira unzika m'holo yodzaza anthu a mitundu yonse. Ena ankalira ndi chimwemwe. Inenso ndinalira, koma ndinkaganiza za phazi la mayi anga pa malire a munda.

Nditawaimbira mayi anafunsa funso limodzi. "Ndiye ukadzabwera, udzabwera ngati ndani?" Ndinati ngati mwana wanu. Anati aa, chabwino, n'kuyamba kukamba za mvula. Munda anapatsa mng'ono wanga. A Seleman akadali pa khadi yawo, ndipo nkhaniyi m'nyumba muno sitiikamba. Pasipoti ya Nadia ya buluu, ya Amerika, ili m'sutukesi pansi pa bedi. Nthawi zina ndimaitulutsa kungoiona.

Ba Chomba sanamuuze Mwelwa kuti akudziwa. Anaganizapo zotumiza makina ena, koma a Gwendoline anati kumene Mwelwa akugona masiku ano kulibe magetsi, ndipo chinthu chotere sichingagone masiku awiri chisanagulitsidwe. Foni nayo tsopano imalira nthawi yaitali. Lamlungu lina amayankha, lina ayi. Akayankha ndimamva pakhoma, "Wawina? Zingati?"

Sabata yatha masamba ayambanso kufiira. Miyendo ya Ba Chomba yatupa, masitepe akuwavuta, ndiye anandipempha kuti ndiwagulire pochoka kuntchito. Mnyamata wa m'sitolo, ndolo ili pamphuno, anandiyang'ana ndi mpango wangawu n'kundiuza mokoma mtima kuti ngati cha chaka chatha tili nacho ndisavutike, sichinasinthe kwenikweni. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, andikulungire.